Musanayambe geni, werengani opikisana nawo

Misika siifanana ayi. Pamsika wa tomato ogulitsa ndi ambirimbiri, katundu ndi yemweyo. Ukangokweza mtengo, kasitomala wapita pa benchi ina. Pa mafoni, makampani akuluakulu ndi awiri, Airtel ndi TNM, ndiye aliyense amayang'ana mnzake asanasinthe mitengo. Pa magetsi, ambirife tilibe kwina kogula koma ku ESCOM, n'chifukwa chake mitengo yake imayamba yavomerezedwa ndi MERA.

Ifeyo, ndi kampamba kathu kochepaka, tidzalowa msika ngati wa tomato uja. Kumeneko mtengo sitilamula. Ndiye tipambana bwanji? Ukhondo, ulemu, kutsegula m'mamawa. Funsani ometa tsitsi: kasitomala amatsata dzanja, osati mtengo wokha.