Zimene Ndinaphunzira Usiku Wina mu Wodi ya Amuna

 Mwati ndinenepo za ntchito yanga ya unamwino. Nditolapo chimodzi chokha.

Pa maliro timakonda kunena kuti malemu atisiya mwadzidzidzi. M'chipatala sizikhala choncho kawirikawiri. Thupi limachenjeza maola angapo zinthu zisanafike poipa, ndipo chimene chimasintha msanga ndi kapumidwe. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi. Akafika ka 25 pali vuto, ngakhale akucheza nanu. Kuwerenga mpweya kumangofuna wotchi, komabe n'kumene anamwinofe timadumpha tikatopa.

Usiku wina ndili ndekha mu wodi, mayi wodikirira mwamuna wake anandipeza nati, "Anesi, bambo a kunyumbawa asintha, sakuyankhula ngati masana." Ndinawayeza kutentha kwa thupi, ndinapeza kuli bwino, ndipo ndinauza mayiwo kuti akagone. Mpweya sindinawerenge. Pofika m'bandakucha matenda anali atafalikira m'magazi, ndipo adokotala sanathenso kuchitapo kanthu. Nkhope ya mayi uja ndimaionabe.

Ku Britain, m'chaka cha 2012, bungwe la Royal College of Physicians linatulutsa ndondomeko yotchedwa NEWS. Namwino amayeza kapumidwe, kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi, kutentha kwa thupi, okosijeni wa m'magazi, ndiponso ngati wodwala akuzindikira zomwe zikuchitika. Chilichonse chili ndi malikisi ake. Akakwana 5 dokotala aitanidwe msanga. Akafika 7 gulu lonse lithamange. Ubwino wake, kwa ine, ndi wakuti namwino wachichepere amene akuopa kudzutsa dokotala amakhala ndi nambala yonena, osati mantha okha.

Nambala sizinakwanire. Mtsikana wa zaka 13, Martha Mills, anamwalira mu 2021 makolo ake atadandaula osamvedwa. Kuyambira 2024 zipatala za ku England zinayamba kulola achibale kuitana madokotala ena kuti adzaonenso wodwala.

Ambiri muno mudzagona pansi pa bedi kudikirira m'bale. Mukaona kuti wasintha, werengani mpweya wake mphindi yathunthu, mukauze namwino nambalayo. Akakubwezani monga ndinachitira ine, pitaninso.