KACULE KA KU KACHALOLA
Mau onenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi

Ine ndifuna kunena za kanyama kamene ambirife timangokamva usiku pa dzinja, osakaona.

M'madambo mwathu muli tiacule tating'ono tokhala pa bango ndi pa udzu wautali. Ku nsonga za zala zace kuli timabulunga tomatira, ndipo ndi cifukwa cace sikagwa pa tsamba loterera. Anthu ophunzira za nyama amacha cifuko conseci Hyperolius, dzina limene analipereka Rapp m'caka ca 1842. Mitundu yace ipitirira 140, ndipo yonse ipezeka mu Afirika muno, kum'mwera kwa cipululu ca Sahara.

Mwa mitundu imeneyi ulipo umodzi wochedwa dzina la kwathu. M'caka ca 1975 Bambo Arne Schiøtz wa ku Denmark anaulemba m'buku lace, naucha Hyperolius kachalolae, popeza anaupeza ku Kachalola, pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata. Monga ife tiri ndi ciwongo ndi dzina, koteronso kacule aka: liu loyamba ndilo ciwongo, laciwiri ndilo dzina lace.

Kusiyanitsa tiacule iti nkobvuta, pakuti maanga ao amasintha pamene tikula. Motero akatswiri anatsutsana ngati kameneka ndi kamodzimodzi ndi Hyperolius bocagei wa ku Angola, amene anachulidwa m'caka ca 1867. Lero amakawerenga monga mtundu paokha. Kapezeka kuyambira kumpoto ca kumadzulo kwa Zambia kufikira ku Malawi.

Tsono mlandu wathu ndi uwu. Mlendo anaoloka nyanja kudzafuna kanyama kamene ana athu amakaponya miyala popita ku sukulu. Kodi si manyazi athu amenewa? Dambo likatenthedwa caka ndi caka, kapena likaphwetsedwa, ambululu asowa pokulira, ndipo mtundu ukhoza kutha pa mudzi tisanaudziwe ndi dzina lomwe.

Cifukwa cace ndikupemphani: mvula ikagwa, turukani ndi ana ku dambo. Aone, ajambule, alembe tsiku ndi malo, nabwezere kacule pa bango pace kali moyo. Afunsenso agogo ao dzina la kanyamaka m'cinenero cathu. Iye amene analenga njobvu analenganso kacule, ndipo sitiyenera kukapeputsa.