Timibulu ta Mphodza: Chakudya cha ku Turkey Chokulitsa Ana

Ambiri a inu mumadandaula kuti nyama ndi nsomba zakwera mtengo. Lero tiphunzire chakudya chopanda nyama, chimene amayi a m'dziko la Turkey amakonzera mabanja ndi alendo awo. Dzina lake ndi mercimek köftesi, ndiye kuti timibulu ta mphodza.

Mphodza zawo ndi zofiira, zochotsa makoko, ndipo zimalimidwa kwambiri kummwera cha kummawa kwa dzikolo, m'madera a Şanlıurfa ndi Diyarbakır. Amaziphatikiza ndi bulgur, amene ali tirigu wowiritsa, woyanika ndi wosinja. Nzeru yake ili pomwepa. Chakudya cha gulu la nyemba chikakumana ndi cha gulu la tirigu, mpunga kapena chimanga, chimamanga thupi bwino koposa pamene chili chokha.

Kakonzedwe kake ndi kotere. Tsukani kapu imodzi ya mphodza, ndipo muziwiritse m'makapu atatu a madzi kwa mphindi 20, kufikira zitafewa ngati phala. Phulani mphika, thiranimo kapu imodzi ya bulgur wosalala, takasani, ndi kuvundikira kwa mphindi 30 kuti tiriguyo amwe madzi. Podikira, kazingani anyezi mmodzi ndi matimati m'masupuni anayi a mafuta ophikira. Sakanizani zonse pamodzi, onjezani masamba a anyezi odula bwino ndi madzi a ndimu. Zikazizira pang'ono, tapani ndi dzanja ndi kuumba timibulu totalika ngati chala, monga muchitira ndi mbamu ya nsima. Eni ake amathiramo tsabola ndi zokometsera zina, nadya timibuluti atatikulunga m'tsamba la letesi.

Mwina mukufunsa kuti, kodi mphodza zofiira ndi bulgur tizipeza kuti? Musade nkhawa. Inu mumadziwa kale kuphika chipere. Nandolo, khobwe kapena nyemba zochotsa makoko zingathe kulowa m'malo mwa mphodza, ngakhale kuti zimachedwerapo kupsa. M'malo mwa bulgur ikani mpunga wophika, wofewa ndithu. Ndimu musaiwale, pakuti imathandiza thupi kulandira mchere wa ayironi wa m'nyemba, umene uli wofunika popanga magazi. Mafutanso ndi ofunika, chifukwa mimba ya mwana ndi yaing'ono, ndipo mafuta amampatsa mphamvu zambiri m'chakudya chochepa.

Tsopano mverani chenjezo. Chakudya ichi chimaumbidwa ndi manja, ndipo chikaumbidwa sichibwereranso pamoto. Tizilombo tonse timene tili m'manja mwanu tidzalowa m'mimba mwa mwana, ndipo mapeto ake ndi kutsekula m'mimba. Mwana wotsekula m'mimba amatsika sikelo msanga, ndipo ntchito yanu yonse imapita pachabe. Choncho sambani m'manja ndi sopo ndi madzi ochita kuthirira musanayambe kuumba. Wengani zikhadabo. Tsukani masamba a anyezi ndi madzi otetezedwa. Musambitseninso mwana m'manja asanadye. Vundikirani mbale kuti ntchentche zisaterepo, ndipo chakudyacho chisakhale maola oposa awiri chisanadyedwe. Konzani chongokwanira nthawi imodzi.

Kumbukirani msinkhu wa mwana. Wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha, osampatsa kanthu kena ngakhale madzi. Wa miyezi 6 kufikira 8 mumpotere chakudyachi kuti chikhale chofewa, ndipo mumdyetse ndi supuni yoyera. Kuyambira miyezi 9 mwana amakonda kugwira yekha chakudya. Mpatseni timibulu ting'onoting'ono m'mbale yakeyake, inu muli pafupi kumuyang'anira kuti asatsamwe. Gawo la mwana mulipatule musanathire tsabola, ndipo la wosakwana chaka lisakhale ndi mchere. Pitirizani kuyamwitsa kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri kapena kuposerapo.

Timibuluti sitilowa m'malo mwa phala, nsima, ndiwo zamasamba ndi zipatso. Ndi chakudya chapadera, chompatsa mwana pakati pa chakudya cha m'mawa ndi cha masana, kapena madzulo. Mukayese kunyumba sabata ino, ndipo mwezi wamawa mubwere ndi khadi la mwana kuti tidzaone pamodzi mmene sikelo yake ikuyendera.