NKHOKWE NDI CHIMANGA CHAKE
Mau onenedwa ndi mphunzitsi wa kumudzi pa tsiku la Jubile ya Mishoni ya Madisi



Tasonkhana lero kuchokera m'midzi yambiri, ena kutsika m'mapiri a ku Dowa, ena a ku Ntchisi, ena kufupi ndi mtsinje wa Bua, kuti tiyamike Mulungu chifukwa cha zaka zimene Mishoni yathu yakhala pakati pathu. Za tchalitchi, za masukulu ndi za chipatala, ena anena kale bwino. Ife aphunzitsi a kumudzi tiri ndi nkhani imodzi yokha, ndiyo imene itisautsa m'maanja mwathu.

Masiku ano timva mau awa pamsika, pamaliro ndi pakhonde pathu pomwe: "Mpingo supulumutsa munthu ai. Chipembedzo ndi miyambo chabe. Chofunika ndicho ubale wako ndi Yesu." Onena mau amenewa si alendo ai. Ndiwo ana athu amene tinawanyamula kudza nao ku ubatizo, ndi alongo athu amene tinali kuimba nao m'kwaya. Ena achoka ndithu, ena atsala ndi ife koma mtima wao uli pawiri. Tsono tiwayankhe chiani? Kukalipa sikudzawabweza, ndipo kukhala chete ndiko kubvomera kuti Eklezia alibe yankho.

Poyamba tiyenera kunena mosabisa kuti m'mau ao muli choona. Akulu anati, phukusi la moyo umasunga wekha. Palibe munthu angakonde Mulungu m'malo mwa mnzake. Alipo Akristu amene dzina lao liri m'buku la ubatizo, mtulo apereka chaka ndi chaka, khadi lao liri losungika bwino m'chikwama, koma cholinga chao chonse nchakuti tsiku la imfa mpingo udzaimbe pamaliro ao. Pa Misa milomo yao iyenda, koma mtima uli ku chigafa kuwerenga mabelo a fodya. Mulungu amkumbuka mwana akadwala, kapena mvula ikadula m'Januwale. Zinthu zikakhala bwino amuiwala. Chimenechi ndicho chikondi cha nkhwangwa, chokoma pokwera.

Ambuye athu mwini wake anadzudzula mapembedzedwe otere. Pa Luka mutu 18 tiwerenga za Mfarisi amene anali kusala chakudya ndi kupereka chachikhumi mosaphonya, koma anatuluka m'Nyumba ya Mulungu wosalungamitsidwa, pamene wokhometsa msonkho, amene anaima kutali ndi kudziguguda pachifuwa, anabwerera kwao wokhululukidwa. Pa mutu 15 tiona mwana wamkulu amene sanachoke pamudzi pa atate ake tsiku ndi limodzi lomwe, koma anakhala ngati waganyu, wosadziwa mtima wa atate akewo. Munthu akhoza kukalamba pa Mishoni, osamdziwa Mwini Mishoni.

Ndipo musayese kuti nkhani ya ubale ndi Yesu ndi chiphunzitso cha mipingo ina, chimene Akatolika sachidziwa. Papa Benedict XVI, m'kalata yake yoyamba ya chaka cha 2005, anaphunzitsa kuti Chikristu chiyamba pamene munthu akomana ndi Yesu wamoyo. Papa Francis nayenso, m'chaka cha 2013, anapempha Mkristu ali yense kuti tsiku ndi tsiku akonzenso kukomana kwake ndi Yesu. Kotero mwana wathu akanena kuti afuna kumdziwa Ambuye pa yekha, wafuna chinthu chimene Eklezia amfunira.

Koma pali pamene mau aja asokera, ndipo tifuna kulongosola ndi fanizo la kwathu konkuno. Tonse tidziwa nkhokwe, ngakhale masiku ano ambiri asunga chimanga m'matumba. Mwamuna adula nsungwi, aluka, aimika pa mitengo kuti isakhudze pansi, afolera ndi udzu. Nkhokwe sidyedwa. M'chaka cha njala, monga 1949 imene agogo athu anali kuisimba, kapena 2002 imene tinaiona ndi maso athu, nkhokwe zinaima m'midzi zopanda kanthu, ndipo sizinapulumutse munthu. Apo ana athu anena zoona. Koma ndani wanzeru amene akakolola aunjika chimanga chake pabwalo, nati, "Chofunika ndi chimanga, nkhokwe ndi mitengo chabe"? Mbuzi zidzadya, chiswe chidzalowa, mvula yoyamba idzaoletsa chotsala, ndipo pofika mwezi wa Febuluwale ana ake adzagona ndi njala.

Chimanga ndicho chikondi cha pakati pa munthu ndi Mulungu wake. Nkhokwe ndiyo Eklezia, pamodzi ndi Misa, masakramenti, katekisimu, kolona ndi malamulo ake. Kutentha kwa mtima kumene munthu akumva pa tsiku la kutembenuka nkwabwino ndithu, koma sikukhala tsiku liri lonse. Idzafika nyengo youma, pamene pemphero silikoma, pamene mwana wamwalira, pamene fodya wabwerera ku msika wosagulidwa. Pamenepo munthu adya zimene anasunga. Belu la pa Mulungu limdzutsa ngakhale alibe chilakolako, mapemphero amene analoweza ali mwana amlankhulira pamene mau ake atha, ndipo abale a mumphakati amchirikiza kufikira mtima utabwerera.

Fanizo liri lonse lipelewera pena, ndipo ili lipelewera apa: nkhokwe iluka munthu, koma Eklezia anamuimika ndi Yesu mwini, ndipo m'masakramenti ndi Iye amene agwira ntchito. Taonani Saulo pa njira ya ku Damasiko, pa Ntchito za Atumwi mutu 9. Ndani anakomana ndi Yesu maso ndi maso koposa iye? Koma Ambuye sanamsiye yekha ndi masomphenya ake. Anamtumiza kumzinda, kuti munthu wina dzina lake Ananiya amsanjike manja, ndipo anabatizidwa. Ndiponso Ambuye anamdziwitsa kuti pozunza Akristu anali kuzunza Iye mwini. Taonaninso ophunzira awiri a ku Emausi, pa Luka mutu 24. Mitima yao inatentha panjira pomva Malembo, koma anamzindikira pa kunyema mkate, ndipo nthawi yomweyo anabwerera ku Yerusalemu kwa Atumwi. Mau, mkate ndi abale: si Misa yathu imeneyi kodi?

Ife Achewa sitiyenera kubvutika pomvetsa zimenezi, pakuti ubale tiudziwa. Munthu anganene bwanji kuti akonda amalume ake mumtima, pamene saponda pakhomo pao, sadya nao nsima, safika pamaliro a pamudzi pao, ndipo akawalakwira sapita kukapepesa? Ubale uli ndi miyendo. Ubale wathu ndi Yesu uli chimodzimodzi. Pa ubatizo tibadwa m'banja lake. Pa Ukaristia tidya naye mbale imodzi, ndiponso chakudyacho ndi Iye mwini. Pa kulapa tigwada ndi kutchula cholakwa chathu ndi pakamwa, ndipo timva ndi makutu athu kuti takhululukidwa. Kodi pali ubale wina wapafupi woposa umenewu?

Amene anadza ndi Mthenga Wabwino kuno sanalekanitse ziwirizi. Ansembe a White Fathers anafika kwa Mponda m'chaka cha 1889, ndipo anachokako mu 1891 osaona zipatso zooneka ndi maso. A chipani cha Montfort anayamba ku Nzama mu 1901, ndipo a White Fathers anabweranso nakhazika Mishoni ya Mua mu 1902, Likuni ndi Kachebere pambuyo pake, kufikira moto unayaka ku Nambuma, ku Mpherere ndi kuno ku Madisi. Munthu sasiya amai ake ndi dziko lake, kudzagona ndi malungo kuchilendo, chifukwa cha miyambo chabe. Anadza chifukwa anamkonda Yesu. Koma anthu omwewo, potsata lamulo la Kadinala Lavigerie amene anayambitsa chipani chao mu 1868, anali kusunga munthu wamkulu m'kalasi zaka zinai asanambatize. Sanafune kudzaza buku ndi maina. Anafuna kuti madzi a ubatizo apeze mtima wokonzeka. Makolo athu anapirira zaka zinaizo, ndipo mwa iwo munatuluka Abambo Cornelio Chitsulo, wansembe woyamba wa dziko lino mu 1937, amene pambuyo pake anakhala Episkopi wa ku Dedza.

Kumbukiraninso chiyambi cha miphakati yathu. Ambuye Patrick Kalilombe, amene anakhala Episkopi wa Lilongwe mu 1972, anaitanitsa msonkhano wa dayosizi yonse kuyambira 1973 kufikira 1975, ndipo m'menemo munatuluka nzeru yakuti Akristu oyandikana nyumba azisonkhana pamudzi pao, kuwerenga Mau a Mulungu, kupemphera ndi mau ao, ndi kuthandizana pa matenda ndi pa maliro. Anaona kuti m'khamu la pa Mulungu munthu akhoza kubisala, koma pakati pa maanja ochepa sangabisale. Mphakati ukasanduka malo osonkhetsa ndalama ndi kugawana ntchito yosesa chabe, wataya chimene anauyambitsira. Malembo nawonso tiri nao m'chinenero chathu: Malembo Oyera anatuluka mu 1966, ndipo Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira pamodzi, mu 1998. Palibe amene atiletsa kuwerenga.

Ngati tifuna kuona nkhokwe yodzala, tiyang'ane Amaritiri a ku Uganda. Charles Lwanga ndi anzake anatenthedwa pa moto ku Namugongo pa 3 Juni 1886, ndipo Papa Paul VI anawalemba m'gulu la Oyera mu 1964. Usiku wa zoopsa, Lwanga anabatiza anyamata amene anali kuwaphunzitsa katekisimu. Anyamata okonda Yesu kufikira imfa sanayese ubatizo mwambo wachabe. Ndipo kwa ife aphunzitsi ndi akatekisti alipo mnzathu wa ntchito imodzi, Benedict Daswa wa ku South Africa, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kumudzi, katekisti, ndi bambo wa ana asanu ndi atatu. Pamene mphezi zinatentha nyumba m'mudzi mwao, anthu anasonkha ndalama zoitanira sing'anga kuti aloze mfiti. Iye anakana kusonkha, pakuti anadziwa kuti munthu wosalakwa adzaphedwa. Chifukwa cha ichi anampha pa 2 Febuluwale 1990, ndipo Eklezia anamtcha Wodala mu 2015. Zaka zonse zimene anali kumanga tchalitchi, kuphunzitsa ana ndi kugwada pa Misa, anali kututira m'nkhokwe. Tsiku la mayeso anapezeka nacho chakudya.

Tsono tichite chiani, ife amene tipatsidwa ana ndi akatekumeni m'manja mwathu?

Choyamba, pophunzitsa katekisimu tisalekere pa kuloweza mayankho. Mwana akatha kutchula masakramenti asanu ndi awiri, timphunzitsenso kugwada chete pambuyo pa kulandira Ukaristia, ndi kuuza Yesu za kumtima kwake m'mau ake a iye mwini, monga alankhula ndi amake.

Chachiwiri, buku la Mau a Mulungu lituluke m'sutikesi. Madzulo, nsima itatha, banja liwerenge ndime zowerengeka, lipemphere pamodzi. Mwana amene wamva atate ake akupemphera ndi mtima wonse sadzakhulupira msanga kuti Akatolika samdziwa Yesu.

Chachitatu, pofika pakhomo pa Mkristu amene wafooka, tiyambe kufunsa za moyo wake ndi za odwala a m'nyumba mwake. Za khadi zidzabwera pambuyo. Mtulo ndi wofunika, pakuti Mishoni iyenda ndi manja athu, koma mbusa ayamba wafuna nkhosa, ubweya pambuyo.

Chachinai, amene anachoka tisawanyoze, kapena kuwatcha maina. Ambiri a iwo anachoka ndi njala yeniyeni ya Mulungu. Tiwalandire pamaliro ndi paukwati monga abale, ndipo akafunsa tiwayankhe mofatsa. Chimene chidzawabweza ndicho kuona kuti kuno kuli chakudya: mwamuna woleka kumenya mkazi wake chifukwa walapa, wogula soya ndi mtedza amene sabera pa sikelo chifukwa walandira Ukaristia, mkazi wamasiye amene mphakati wamlimira munda.

Abale athu okondedwa, nkhokwe iyi anatimangira ndi ena, ndi thukuta lao, ndipo ambiri a iwo agona m'manda a pa Mishoni ndi a m'midzi mwathu. Sitidzaigwetsa ai, ndiponso sitifuna kuisiyira ana athu iri yopanda kanthu. Yense wa ife adzifunse lero pamene ayandikira ku guwa: kodi ndidza kwa Iye monga waganyu, kapena monga mwana wa pakhomo? Amai Maria, amene anamdziwa Yesu koposa anthu onse, koma anakhala m'pemphero pamodzi ndi Atumwi podikira Mzimu Woyera, atipempherere. Mulungu adalitse Mishoni yathu ya Madisi, ansembe ake, ndi inu nonse.