Wamisala Anaona Nkhondo



Munthu akafika kwa wapampando ku Ndirande kudzanena kuti mwana wauje anabera mayeso, funso limene ambiri amathamangira kufunsa ndi lakuti, "Kodi wonenayo ndani?" Akangomva kuti ndi yemwe uja amakangana ndi makolo a mwanayo pa nkhani ya malire a puloti, mlandu umathera pomwepo. Amati ndi kaduka basi. Inde, kadukako kangathe kukhalapo ndithu, pakuti m'makwalala a Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa nyumba nzoyandikana ndipo mitima simachedwa kupsa. Koma makolo anati wamisala anaona nkhondo, ndipo naye wakaduka ali ndi maso.

Mu Novembala 2020 Nduna ya Zamaphunziro, Mai Agnes NyaLonje, inaimitsa mayeso a MSCE m'dziko monse muno. Chimene chinagamula nkhaniyo sichinali mtima wa amene anayamba kufuula ai, koma chakuti mafunso amene anali kuyenda pa lamya za m'manja anali omwe aja a bungwe la MANEB. Ana a ku Chilomoni ndi Machinjiri amene anaŵerenga usiku ndi usana osagwirako likasa analembanso mu Januwale 2021 pamodzi ndi akuba. Zinaŵaŵa, koma satifiketi yao lero ili ndi ulemu.

Ngakhale maiko akunja anakomana nazo. Ku Germany m'chaka cha 2011 mphunzitsi wina wa zamalamulo anaulula kuti Nduna ya Zachitetezo, Karl-Theodor zu Guttenberg, inakopera zolemba za anthu ena m'buku limene inapatira digiri ya udokotala. Otsatira ndunayo anati zonsezo ndi ndale za adani. Yunivesite ya Bayreuth inayala mabukuwo pambali pa linzake, niona ndime zofanana, nilanda digiriyo. Ndipo pa 1 Malichi nduna inatula pansi udindo.

Tsono sikuti mtima wa woneneza ulibe ntchito konse. Ntchito yake ndi kuchenjeza woweruza. Wachidani amakonda kukuza kanthu kakang'ono, amaona cholakwa cha mdani wake yekha nasiya cha mbale wake, ndipo kaŵirikaŵiri amabwera ndi kalata yopanda dzina, umboni osaoneka. Mphunzitsi wamkulu kapena mlembi wa Boma amene achotsa munthu chifukwa cha kalata yotere wagwiritsidwa ntchito ngati nkhwangwa ya mwini.

Motero wapampando akalandira nkhani yotere asaigamule yekha, ndiponso asaikwirire poti wonenezedwayo ndi wa Chipani. Afunse chinthu chogwirika: pepala lake liti, analiona kuti, tsiku liti. Chikapezeka, achipereke kwa mkulu wa sukulu kapena kwa a MANEB ku Zomba, ndipo wonenezedwayo apatsidwe mpata wodziyankhira. Chikapanda kupezeka, wonenayo auzidwe pamaso pa komiti kuti dzina la mwana wa mnzake lisamvekenso pakamwa pake.