Nyumba ya Lendi Ikaonongeka pa Chipolowe



Lero sitinabwere ndi buku. Tabwera ndi pepala limene pa Chipwitikizi limatchedwa apólice. Limeneli ndi pangano la pakati pa mwini nyumba ndi kampani ya seguro, imene ena amati inshuwalansi. Mwini nyumba amalipira ndalama chaka ndi chaka. Kampani imalonjeza kuti nyumba ikaonongeka idzalipira. Koma ikaonongeka ndi chiyani? Nkhani yathu yagona pamenepo.

Akuluakulu muli pano mukukumbukira. Pa 3 Febuluwale 1976 boma linatenga nyumba zobwereketsa, ndipo anthu ankalipira lendi ku APIE. Mu 1977 kunakhazikitsidwa EMOSE, kampani ya boma ya seguro. M'zaka za m'ma 1990 nyumba zambiri zinagulitsidwa kwa anthu okhalamo, ndipo makampani ena a seguro analoledwa kugwira ntchito. Tsono lero mwini nyumba ya lendi ndi munthu ngati ife. Ndi mayi amene anamanga zipinda zitatu kuseri kwa nyumba yake ku Ulónguè. Ndi bambo amene anamanga kasitolo m'mbali mwa mseu ku Tete n'kubwereketsa. Lendi ndiyo nsima yawo.

Chipolowe si nkhani ya kutali. Mu Febuluwale 2008 ku Maputo kunabuka chipolowe chifukwa cha mtengo wa chapa. Mu Seputembala 2010 chinabukanso chifukwa cha mtengo wa buledi. Chitatha chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 kunali zionetsero kwa miyezi, ndipo kumapeto kwa Disembala masitolo ndi nyumba zosungiramo katundu zinathyoledwa ndi kutenthedwa ku Maputo, Matola, Beira, Nampula ndi kwina. Anthu ambiri anataya miyoyo, ndipo moyo palibe kampani imene ingaubweze. Ife lero tikunena za makoma ndi madenga okha.

Tiyeni tione. Bambo uja ali ndi seguro ya moto. Sitolo yake yapsa. Iye akuti: moto ndi moto, andilipire. Kampani ikufunsa: motowo unayamba bwanji? Ngati unayamba ndi waya wa magetsi kapena mbaula, idzalipira. Ngati unayatsidwa ndi gulu la anthu pa chipolowe, seguro wamba ya moto kawirikawiri silipira. Kodi amunamiza? Iyayi. Zinalembedwa m'pepala, pansi pa mutu woti exclusões, ndiye kuti zinthu zimene kampani yakana kulipira. Malembo ake ndi aang'ono, Chipwitikizi chake ndi cholimba, ndipo ambiri a ife timasaina tisanafike pamenepo. Ifenso aphunzitsi, tinene zoona, tinachita kuwerenga katatu kuti timve.

Mawu oti muwafune ndi awa: greves, tumultos e alterações da ordem pública. Tiwerenge pamodzi, pang'onopang'ono. Tanthauzo lake ndi kunyanyala ntchito, zipolowe ndi kusokonekera kwa bata. Mukawapeza pa mndandanda wa zimene kampani ikulipira, muli ndi chitetezo. Mukawapeza pansi pa exclusões, mulibe, ndipo muyenera kugula gawo limeneli mooonjezera.

Komatu musaimire pomwepo. Mapepala ambiri amalipira chipolowe, koma amakana nkhondo, kuukira boma ndi uchigawenga. Nanga gulu likatentha sitolo pa nthawi ya mkangano wa chisankho, chimenecho ndi chipolowe kapena kuukira boma? Apa ndi pamene mwini nyumba ndi kampani amakokanakokana. Funsani funso limeneli musanalipire, ndipo yankho akupatseni lolemba. Funsaninso ngati kuthyola ndi kulanda katundu pa chipolowe kuli m'katimo, pakuti seguro ya kuba wamba nthawi zambiri sikufika pamenepo.

Amene muli ndi abale ku Joni munamva za Julayi 2021, pamene masitolo anathyoledwa ku KwaZulu-Natal ndi Gauteng. Kumeneko kuli kampani ya boma yotchedwa Sasria, imene inayamba mu 1979, makampani wamba atakana kunyamula zoopsa zotere pambuyo pa chipolowe cha ku Soweto cha 1976. Zimene anthu anapempha Sasria kuti ilipire zinapitirira marandi 30 biliyoni, mpaka boma linaithandiza ndi ndalama. Koma analandira ndi okhawo amene anali atagula gawo la Sasria pamwamba pa seguro yawo.

Tibwerere kwathu. Seguro ya mwini nyumba imateteza nyumbayo: makoma, denga, zitseko, mazenera. Shuga, sopo, njinga ndi mabedi a wochita lendi siziwerengedwa. Inu ochita lendi, musagone tulo poganiza kuti pepala la mwini nyumba likukufunditsani. Katundu wanu afuna pepala lakelake. Inu eni nyumba, nyumba ikakhala miyezi isanu ikukonzedwa, lendi ya miyezi imeneyo siibwera yokha. Gawo lake limatchedwa perda de rendas, ndipo nalonso liyenera kulembedwa.

Tsopano masamu. Tengani mapensulo. Tiyerekeze kuti kumanganso nyumba yanu kufuna 2,000,000 meticais. Inu, pofuna kulipira zochepa, munauza kampani kuti ndi 1,000,000. Chipolowe chaononga za 400,000. Mulandira zingati? Mwati 400,000, amayi? Ayi. Munateteza theka la nyumba, choncho kampani idzalipira theka, 200,000. Pamenepo idzachotsanso franquia, gawo limene mwini amanyamula yekha. Ndipo powerengera musaikemo mtengo wa malo. Nthaka ndi ya boma ndipo siipsa. Werengani njerwa, malata, simenti ndi amisiri, pa mitengo ya chaka chino.

Tsoka likagwa, musathamangire kukolopa ndi kukonza. Jambulani zithunzi. Pitani ku polisi akupatseni pepala. Dziwitsani kampani msanga, pakuti masiku ake ndi owerengeka ndipo analembedwa m'pangano. Kampani ikakana popanda chifukwa chomveka, kuli bungwe la boma loyang'anira makampani a seguro, kumene mungapereke dandaulo. Koma kugula gawo la chipolowe utsi utayamba kale n'kovuta: makampani amakweza mtengo kapena amakana.

Sabata ya mawa, amene ali ndi apólice abwere nayo. Amene ali ndi pangano la lendi abwere nalonso. Tidzakhala m'magulu a anthu anayi, ndipo tidzayambira pa tsamba la exclusões.