ZALA ZA AMAYI NDIZO ZINASUNGA MWAMBO WA MAKOLO



Tikamakamba za chipembedzo cha makolo, ambiri a ife timafulumira kuganiza za bambo wothira nsembe pa kachisi kapena za ng'oma za kudambwe, ndipo timaiwala kuti mbali yaikulu ya chikhulupiriro chimenechi inasungidwa ndi zala za amayi. Makolo athu analibe mabuku, komatu alembi anali nawo, ndipo ambiri mwa alembiwo anali amayi amene ankalemba pa nsalu, pa dothi ndi pa mwala. Ndikupatsani zitsanzo ziwiri, china cha kutali, china cha pakhomo pathu pomwe.

Cha kutalicho ndi cha ku Mali, kumadzulo kwa Africa, kumene anthu a mtundu wa Bamana ali ndi nsalu yotchedwa bogolanfini, kutanthauza kuti nsalu ya matope. Abambo amawomba timizere topapatiza ta thonje n'kutilumikiza, koma ntchito yojambula inali ya amayi kuyambira kale. Mayi amaviika nsaluyo m'madzi a masamba mpaka isanduke yachikasu, kenaka amaipaka matope a kumtsinje amene wawasunga mu mtsuko kwa miyezi yambiri. Chitsulo cha m'matopemo chikakumana ndi madzi a masamba aja chimasiya utoto wakuda umene suchoka ngakhale nsaluyo ichapidwe. Chizindikiro chilichonse chili ndi dzina lake, ndipo mtsikana amachiphunzira kwa mayi wake kapena kwa agogo ake.

Nsalu imeneyi inkavalidwa pa nthawi zoopsa za moyo wa mkazi: potuluka ku chinamwali ndi atangobereka kumene, chifukwa a Bamana amakhulupirira kuti pa nthawi zotere pamatuluka mphamvu yosaoneka yotchedwa nyama, imene nsaluyo imayamwa kuti isapweteke munthu. M'zaka za m'ma 1980 katswiri wosoka zovala, Chris Seydou, anatchukitsa nsaluyi pa dziko lonse, ndipo nsalu za mayi Nakunte Diarra a ku Kolokani zinakafika m'nyumba zosungiramo zinthu za chikhalidwe ku America. Kutchukako kunabweretsa ndalama, koma kunabweretsanso nsalu zodinda ku fakitale zokhala ndi zizindikiro zomwezo, zimene wogula ndi wogulitsa yemwe sathanso kuziwerenga.

Amayi ndi abambo, chimene amayi a ku Mali anachita pa nsalu polangiza ana awo aakazi, amayi a Chichewa anachichita pa mwala. M'mapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, muli malo 127 a zojambula za m'mapanga, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Zojambula zofiira ndi za Akafula, amene anakhala kuno makolo athu asanafike. Zoyera zinapakidwa ndi alimi a Chichewa, ndipo zambiri mwa izo zimaoneka ngati chikopa cha nyama choyalidwa pansi, chokhala ndi madontho thupi lonse. Kafukufuku wa Leslie Zubieta pa phanga la Mwana wa Chentcherere anasonyeza kuti zojambula zoterezi ndi za chinamwali cha atsikana, ndipo zimagwirizana ndi zilengo zadothi zimene anamkungwi amaumba polanga anamwali. Namkungwi ankaloza chithunzi, nyimbo n'kuimbidwa, mwambo n'kukhazikika mu mtima mwa namwali. Tanthauzo lenileni la zithunzizo ndi chinsinsi cha kutsimba, ndipo si kwa ine kuliulula pa bwalo.

Chomvetsa chisoni ndi chakuti m'mapanga ena anthu alemba maina awo ndi makala pamwamba pa zithunzi za agogo awo, ndipo ena asonkha moto pansi pa thanthwe mpaka mwaye n'kuphimba zonse. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Chithunzi chimene chinapirira mvula ndi dzuwa kwa mibadwo yambiri chingathe kufafanizika tsiku limodzi ndi dzanja la mwana wosalangizidwa.

Pa chifukwa chimenechi, ife amene tapatsidwa udindo m'midzi ndi m'maofesi tili ndi ntchito yoti tichite. Aphunzitsi popita ndi ana a sukulu ku Chongoni awauze kuti malowo ndi olemekezeka ngati manda. Olemba ndondomeko za chitukuko ndi za alendo okaona malo asamangofunsa mafumu aamuna okha, koma akhale pansi ndi anamkungwi, amene ndiwo eni ake a nzeru zimenezi, ndipo alemekeze malire amene amayiwo aika pakati pa zokamba poyera ndi zobisika. Sindikunena kuti chilichonse chakale n'chabwino. Chimene chimapweteka mwana wamkazi kapena kumuchotsa pa sukulu chiyenera kusiyidwa, ndipo amayi omwewo ndiwo angatithandize kupeta mwambowo kuti mankhusu apite, ufa utsale.

Tikasunga mwala koma n'kutaya namkungwi, tidzatsala ndi kalata yopanda woiwerenga. Tiyeni tisunge zonse ziwiri.